Nyimbo si thonje, abale anga a ku Chigwa

Tsiku lina ndinakwera minibasi mu Blantyre kupita kwathu ku Chigwa cha Shire kukazonda mayi anga aang'ono amene anali kudwala. Titayamba kutsetsereka phiri lija, paja makutu amatseka ndipo mphepo yotentha imakuchingamira usanafike n'komwe pa Thabwa, dalaivala anaika nyimbo za malemu Lucius Banda. Minibasi yonse inayamba kuimba: mayi wa dengu la kabichi, mnyamata wa ku minda ya nzimbe ku Nchalo, ngakhale kondakitala amene anaiwala kutolera ndalama. Apo bambo wina wa taye amene anakhala pafupi nane anapukusa mutu nati: "Komatu anthu a kunsi kuno kuvina ndiye mumatha. Kungoti chanuchanu n'chiyani? Nyimbozi n'za ku Balaka, zina n'za ku Chileka. Inu chanu ndi madzi osefukira ndi chimanga cha thandizo basi." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, poti paulendo sayambana ndi munthu. Koma mawuwo anandiima pakhosi ngati munga wa mlamba, ndipo lero ndati ndiwalavule. Ndiyamba n'kuwayankha bambo aja, kenaka nditembenukira abale anga eni ake, pakuti wakutsina khutu ndiye mnansi.

Bambo aja ananama, koma sananame zonse. Ananama poganiza kuti ku Chikwawa ndi ku Nsanje kulibe nyimbo. Ndani m'dziko muno sanavineko Chinafuna M'bale ya a Lucky Stars, nyimbo ya Chisena imene ngakhale osamva Chisena ankaiimba molakwitsalakwitsa koma mokondwa? Ndani sanamve Dimingu ya malemu Joseph Tembo? Nanga Agorosso, nanga Nyandoro Mthenga? Osanena za ulimba, bangwe, utse ndi chikuzire, zimene zinalipo gitala lisanafike. Pamene analasa bambo aja ndi apa: tengani kaseti kapena chimbale cha nyimbo zotchuka zimenezi, mutembenuze kuseri, muwerenge kumene zinajambulidwa ndi dzina la amene anazitulutsa. Simupezapo Nchalo, simupezapo Ngabu, simupezapo Bangula kapena Nsanje. Nditchulireni kampani imodzi yokha ya nyimbo ya ku Chigwa imene munthu wa ku Mzuzu angaidziwe dzina. Ndikudikira.

Ife a ku Chigwa nkhani imeneyi tikuidziwa bwino, kungoti tinaizolowera pa mbewu. Mlimi wa thonje wa ku Ngabu amapsa ndi dzuwa miyezi yonse, kupopera, kutola, kusenza. Akafika pa sikelo, mtengo amauzidwa ndi wogula. Thonje lija likwera phiri, ndipo tsiku lina libwerako lili nsalu imene mlimi yemweyo sangaikwanitse. Nzimbe zimamera ku Nchalo, koma phukusi la shuga mwana wa ku Nchalo amagula pa mtengo umodzimodzi ndi wa ku Karonga. Tsono nyimbo zathu nazo tinazisandutsa thonje. Woimba amapeka nyimbo yake pansi pa mtengo wa msawu, aisenza kukwera nayo phiri, aisiya kumtunda, nabwerako ndi ndalama ya basi ndi kutchuka kwa miyezi itatu. Zimenezi ndi zimene ndikutsutsa, ndipo umboni wanga ndiutenga m'mbiri ya timakampani ting'onoting'ono ta nyimbo za reggae, kunja ndi kuno komwe.

Poyamba timvane. Situdiyo ndi chipinda chojambulira mawu. Kampani yotulutsa nyimbo ndi chinthu china: ndi dzina limene limadindidwa pa chimbale, ndi munthu amene amasankha nyimbo yoti ituluke, amalipira kujambula, amasunga kaseti yoyambirira ija oimba amati masitala, amalemba m'kaundula kuti nyimbo iyi anapeka ndi uje, anaimba ndi uje, tsiku lakuti, ndipo amatsata ndalama zikamalowa. Mwachidule tingoti chidindo. Mwini chidindo ndiye mwini munda. Ena onse, ngakhale atakhala ndi mawu okoma chotani, ndi aganyu.

Anthu a ku Jamaica anaphunzira zimenezi ndi misozi. Kumayambiriro kwa 1964 anyamata a gulu la Wailers anali ndi nyimbo yotchedwa Simmer Down imene inagwedeza chilumba chonse. Inatuluka pansi pa Clement Dodd, mwini Studio One ku Kingston, ndipo anyamatawo ankangolandira kandalama kochepa kodyera pa sabata. Mu 1966 Bob Marley, atangokwatira Rita, anapita ku Delaware ku America kukagwira maganyu, monga amachitira ana athu opita ku Joni. Atabwerako chaka chomwecho, iye ndi anzake anayambitsa kakampani kawokawo kotchedwa Wail'n Soul'm. Sitolo yake inali panyumba ku Trench Town, dera la anthu osauka ngati Ndirande kapena Mbayani, ndipo ogulitsa zimbale anali eni ake oimbawo. Kakampaniko sikanakhalitse ayi. Ndalama zinachepa, mawailesi sanawalabadire, kanafa. Koma mu 1970 anadzukanso ndi dzina lina, Tuff Gong, limene dziko lapansi likulidziwa mpaka lero.

Musaganize kuti atatero mavuto anatha. Nyimbo zimene anajambula ndi Lee Perry mu 1970 ndi 1971 zinakatuluka ku England pansi pa Trojan Records, ndipo a Wailers anadandaula zaka ndi zaka kuti phindu lake sanalione. Chomvetsa chisoni kwambiri chinadza mu 2010, Marley atagona kale m'manda kuyambira 1981: khoti la ku New York linagamula kuti zimbale zake zisanu za pakati pa 1973 ndi 1977, kuphatikizapo Exodus, mwini wake ndi kampani ya Universal osati banja lake, chifukwa cha mapangano amene anasaina ndi kampani ya Island. Mwamva? Mfumu ya reggae yeniyeniyo, pamene inadinda chala pa pepala la mwini, ana ake analephera kulanditsa munda. Nanga iwe mnyamata wa ku Makhanga amene ulibe ndi pepala lomwe, ukuganiza kuti zidzakuthera bwanji?

Tibwere kwathu kuno. Pa nthawi ya chipani chimodzi, woimba aliyense amene ankafuna kumveka anali ndi khomo limodzi lokha, la wailesi ya MBC ku Blantyre. Kumeneko ndiko ankajambula, kumeneko ndiko matepi ankatsala, ndipo kunalinso bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabadwa Nzeru Record Company imene inkatulutsa timbale ta galamafoni, koma sinakhalitse. Choncho kwa zaka zambirimbiri woimba wa ku Malawi ankasangalala akangomva mawu ake pa wailesi. Funso lakuti nyimboyo mwini wake ndani silinkabwera n'komwe m'mutu, ndipo likanabwera, ukanalifunsa kwa yani?

Ndiye kunadza Balaka. Awerengi a m'tauni, kumbukirani kuti Balaka wa nthawi imeneyo sanali boma n'komwe. Anali pansi pa Machinga mpaka 1998. Kanali katauni ka panjanji, kotentha, ka fumbi, ka malambe ndi thonje, kosasiyana kwenikweni ndi Bangula wathu. Kumeneko mu 1978 anyamata a pa parishi ya Katolika, motsogozedwa ndi Paul Banda ndi mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, anayambitsa Alleluya Band. Patapita zaka, Paul Banda anatsegula kasitudiyo kake kotchedwa Imbirani Yahwe, kamene anthu ankangoti IY. Sikanali ka zipangizo zodabwitsa. Koma kanali kwawo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mnyamata wa ku Balaka sankafunikanso kukagona pa depoti ku Blantyre kudikira kuti bwana wa pa wailesi amukomere mtima.

Onani zimene zinatuluka m'katauni kameneka. Kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992, imene inagwedeza mpando wa Kamuzu, inasindikizidwa ku Balaka komweko pa makina a ansembe a Montfort. Dziko litavota pa riferendamu ya mu Juni 1993 ndi pa chisankho cha mu Meyi 1994, nyimbo zimene zinaperekeza anthu pa kusintha kumeneku zinali za chamba cha reggae ya ku Balaka. Lucius Banda, mng'ono wake wa Paul, anakajambula chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, ku Johannesburg, koma sanakhazikike kumeneko. Anabwerera, ndipo mu 1997 anayambitsa Zembani Band. Dzina la Zembani linasanduka khola limene oimba achinyamata ankakuliramo. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku, Coss Chiwalo ndi ena ambiri anadutsa m'manja mwa abale awiriwa. Tauni imene anthu ankangoidziwa ndi sitima inasanduka likulu la nyimbo za dziko lonse, osati chifukwa boma linalamula, koma chifukwa panapezeka anthu ochepa amene anati tijambula konkuno.

Ndikudziwa zimene akatswiri a m'tauni ankanena, ndipo ena amanenabe: ati nyimbo za ku Balaka zonse n'zofanana, ng'oma yake ndi ya m'makina, kiyibodi yake ndi imodzimodzi. Zoona zilimo. Koma kodi ku Studio One sankabwereza kayimbidwe kamodzi pa nyimbo khumi? Kufananako ndiye chizindikiro cha khomo. Nsima ya pakhomo limodzi imadziwika ndi dzanja la wophika. Munthu ankangomva kulira koyamba kwa kiyibodi n'kudziwa kuti iyi ndi ya ku Balaka, ndipo chimenecho ndi chuma chimene makampani akuluakulu amachifunafuna ndi ndalama zambiri osachipeza.

Chilema chenicheni cha Balaka chinali kwina. Kujambula kunali kwawo, koma kuchulukitsa makaseti ndi kugulitsa kunali m'manja mwa masitolo a ku Limbe ndi Blantyre, ndipo yaikulu mwa onse inali ya O.G. Issa. Sindikutukwana wamalonda ayi: iye anaika ndalama zake pamene mabanki ankaona woimba ngati chidakwa chabe, ndipo anafikitsa makaseti m'misika imene oimba sakanafikako. Koma dongosolo lake linali lija la pa sikelo ya thonje. Woimba wosauka, wofuna ndalama ya lero, ankapereka masitala n'kulandira kangachepe pa kaseti iliyonse, ndipo chiwerengero cha makaseti ogulidwa ankachimva kwa wogulitsa yemweyo. Makaseti atatha mphamvu, n'kubwera ma CD ndi anyamata okopera nyimbo pa kompyuta m'misika, denga lonse linagwa, ndipo oimba ambiri anapezeka alibe ngakhale kope la ntchito yawo yomwe.

A ku Chileka anaonjezapo phunziro lina. Malemu Evison Matafale, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe pa 27 Novembala 2001, anatchula zimbale zake Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Iye atapita, a Black Missionaries a m'mudzi mwa Singano sanasinthe dzina. Anapitiriza kuwerenga, Kuimba 3, Kuimba 4, mpaka kupyola khumi, ngakhale imfa inawalandanso Musamude Fumulani mu 2007. Ena amati n'kusowa maina. Ine ndikuti ndi nzeru za kaundula. Wogula amadziwa chimene ali nacho ndi chimene chikumusowa, ndipo mwana wobadwa lero angathe kulondola mzere wonse kuyambira pachiyambi. Mudzi umodzi, banja limodzi, dzina limodzi losasintha: chidindo ndi chimenecho.

Tsono titsikenso phiri. Ife tinali naye munthu amene akanatha kukhala Paul Banda wa ku Chigwa. Joseph Tembo anali woimba, katswiri wa zoimbira, ndiponso wojambula nyimbo amene oimba ambiri a dziko lino anadutsa m'situdiyo yake ya Groove Magic. Anthu a ku Chikwawa Nkombezi anamusankha kukhala phungu wawo mu 2009. Koma situdiyo ija inali kumtunda, m'tauni, kumene kunali magetsi ndi makasitomala. Sindikumuimba mlandu malemuyu, amene anatisiya mu Disembala 2019. Anachita zimene aliyense wa ife amachita akaphunzira kanthu, kusamuka. Ndikungoti luso lilipo, lakhala lilipo, koma limakagwira ntchito m'munda wa eni.

Ndipo si lero lokha. M'zaka za m'ma 1950 mzungu wina, Hugh Tracey, anayenda m'Nyasaland ndi galimoto ya makina ojambulira mawu, najambula nyimbo za mitundu yosiyanasiyana, za Amang'anja zomwe. Lero mukafuna kumva mawu a makolo amenewo, nkhokwe yake ili ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes, mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Mukhoza kukwiya kuti chuma chathu chili kwa eni. Koma musanakwiye dzifunseni chifukwa chake chinapulumuka: munthu uja ankalemba dzina la woimba, malo ndi chaka pa nyimbo iliyonse. Chimodzimodzi Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland, amene ndi kakampani kake ka Pamtondo anatulutsa chimbale cha Alan Namoko wa ku Thyolo chotchedwa Ana Osiidwa mu 1992. Munthu mmodzi, ndalama za m'thumba mwake, koma Namoko atamwalira mu 1995 mawu ake anatsala pa chinthu chogwirika.

Yerekezani ndi zimene zinamuonekera mphwanga wina. Mnyamatayu ali ndi mawu, ndipo anapeka nyimbo zisanu ndi imodzi za reggae m'Chisena, zonena za anthu osamutsidwa ndi madzi. Anagulitsa mbuzi ziwiri za mayi ake, nakwera phiri kukajambula pa situdiyo ina ku Blantyre imene sindiitchula. Anabwerako ndi nyimbo zake pa foni, osasaina kanthu, osalandira masitala. Foni ija inagwera m'madzi. Atabwerera ku situdiyo anamuuza kuti kompyuta inafa ndipo zonse zinapita. Patapita miyezi anamva nyimbo yake ina ikulira pa bawo ku Dyeratu, dzina la woimba litalembedwa la munthu wina. Anabwera kwa ine nati, "Malume, nditani?" Ndinamufunsa kuti pepala lili kuti. Anangoti kukamwa yasaa. Madzi akatayika saoleka.

Ndikudziwa kuti pofika pano ena mwa inu mwayamba kale kutokota, choncho tiyeni ndikuyankheni mmodzimmodzi. Oyamba ndi akuluakulu osunga mwambo: ati reggae n'chamba chachilendo, ndipo ena amasekerera kuti chamba chake n'chija chosuta; ana athu aziimba utse basi. Pepani akuluakulu, gitala nalonso n'lachilendo, kwaya ya kutchalitchi n'njachilendo, ngakhale chimanga chimene timati chathu chinachokera kutsidya kwa nyanja. Ndipo ngati pali malo m'Malawi muno amene nkhani za reggae zili kwawo, ndi ku Chigwa. Reggae imalira ukapolo. Kodi si mumtsinje wa Shire momwe ogula akapolo ankasakaza midzi ya Amang'anja m'zaka za m'ma 1860? Imalira ntchito yokakamiza; kodi Asena ambiri sanawoloke malire kuthawa chibalo cha Apwitikizi? Imalira ulendo wa anthu osowa kwawo. Kodi si ku Nsanje kumene othawa nkhondo ya ku Mozambique anachuluka kuposa eni dera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980? Werengani mabuku a Elias Mandala onena za mbiri ya alimi a m'chigwachi, muone ngati Babulo uja amamuimba a Rasta ndi mlendo kwa ife. Funso si lakuti reggae kapena ulimba. Funso n'lakuti ndani adzayamba kuziika ziwirizi m'chipinda chimodzi, ndipo chipindacho chidzakhala kuti.

Achiwiri ndi odandaula: ati ku Chigwa n'kosauka, magetsi ndi ovuta, madzi amakokolola chilichonse. Zoonadi, tinaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Sindikupeputsa maliro amenewo. Koma Lee Perry anamanga situdiyo yake ya Black Ark kuseri kwa nyumba yake, ndipo makina ake ankalandira mizere inayi yokha ya mawu. King Tubby, amene anasintha kamvekedwe ka reggae padziko lonse, anali wokonza mawailesi ku Waterhouse, dera la umphawi ndi mfuti. Kompyuta yakale imene ili m'kabati ya ofesi iliyonse lero ili ndi mphamvu kuposa makina onse a anthu awiriwa kuphatikiza pamodzi, ndipo sola imene imatchaja mafoni pa msika wa Ngabu ikhoza kuiyendetsa. Kunena za madzi, ndiye chifukwa chenicheni chosungira zinthu mwadongosolo. Masitala a lero amakwana pa kamemore khadi kochepa ngati chikhadabo. Kope lina ku Bangula, lina kwa mbale ku Blantyre, lina pa intaneti: madzi adzakokolola ziti?

Achitatu ndi a masamu: ati msika uli kuti, Chisena amamva ndi angati? Apa ndi pamene timadzionetsa kuti makosi athu anazolowera kuyang'ana kumtunda kokha. Tatembenukani muyang'ane kumene madzi akupita. Kudutsa pa Marka, Chisena chikuyankhulidwa ku Mutarara, ku Caia, mpaka ku Beira, ndipo Asena a ku Mozambique ndi ochuluka kutalitali kuposa a kuno. Ambiri mwa iwo anakulira m'misasa ya ku Nsanje mtendere wa mu 1992 usanadze, ndipo ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Mu Okutobala 2010 tinaitanidwa kukaombera m'manja doko la Nsanje, tinaombadi, sitima osabwera. Nyimbo siifuna doko, siifuna kukumba mtsinje, siifuna chilolezo cha maboma awiri. Imawoloka pa foni ya wogulitsa nsomba. Mawailesi a m'dera monga Gaka ku Bangula ndi Nyanthepa ku Nsanje anatsegula khomo limene makolo athu analibe. Msika ulipo, chosowa ndi mwini katundu.

Achinayi ndi achinyamata a mafoni: ati madala inu mwatsalira, masiku ano aliyense amadzitulutsira yekha nyimbo pa WhatsApp ndi YouTube, kampani ya chiyani? Ana anga, mphwanga uja nayenso anali ndi foni. Kutumiza nyimbo kwa anzako si kuitulutsa. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, limatolera ndalama za umwini wa nyimbo, ndipo lamulo latsopano la mu 2016 linatsegula njira yoti pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko pazidulidwa kandalama kopita kwa eni luso. Koma ndalama imeneyi imatsata dzina lolembedwa. Nyimbo imene yangoyendayenda m'mafoni yopanda mwini wodziwika ili ngati mbuzi yopanda chizindikiro: aliyense woigwira ndi yake. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsono mlandu ndikuupereka kwa yani? Osati kwa bambo a taye aja. Iwo anangonena zimene anaona. Ndikuupereka kwa ife ana a ku Chigwa amene tinaphunzira ndipo tili m'maofesi a Blantyre ndi Lilongwe. Timasonkha ndalama zankhaninkhani za ukwati wa tsiku limodzi, timagula ng'ombe zoti zikafe ndi chilala, koma wina akati tisonkhe tigule maikolofoni awiri, timati zimenezo n'zachibwana. Ndikuupereka kwa andale a mbali zonse amene amakumbukira woimba miyezi itatu ya kampeni, kumukweza pa lole kuti awatamande, chisankho chikatha osamuyankhanso foni; ndalama ya chikho chimodzi cha mpira chokhala ndi dzina la bwana ikanakwana kutsegula chipinda chojambulira. Ndikuupereka kwa oimba eni ake, amene amachita manyazi kufunsa pepala poopa kuoneka amwano, ndiponso amakana kugwirizana chifukwa aliyense akufuna dzina lake likhale pamwamba. Ndipo ndikuupereka kwa ife olemba m'masamba ano. Tinalemba ndakatulo zambirimbiri zolira Matafale ndi Lucius Banda, amene anamwalira pa 30 Juni 2024, koma ndani mwa ife anakhala pansi kulemba mndandanda wa zimbale zonse zimene zinatuluka mu IY, chaka ndi chaka, ndi maina a oimba zida? Timakonda maliro kuposa kaundula.

Chimene ndikupempha si chachikulu, ndipo sichikufuna nduna yodzadula riboni. Papezeke anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, chipinda chimodzi ku Nchalo kapena ku Bangula, kompyuta, maikolofoni, sola, ndi buku limodzi lachikuto cholimba. Asankhe dzina la kwathu, alisunge osalisintha. Nyimbo yoyamba ailembe nambala 1, ndi tsiku, ndi wopeka, ndi aliyense amene anagwira chida. Pangano lilembedwe m'Chisena kapena m'Chichewa, m'mawu oti mayi ake a woimba akhoza kumva, ndipo linene poyera kuti nyimbo ndi ya woipeka, kampani yangobwereka kwa zaka zakuti. Woimba atuluke ndi kope la masitala m'thumba tsiku lomwelo. Ndipo chimbale choyamba chisakhale cha kutsanzira Kingston kapena Balaka: akatenge nkhalamba ya ulimba kumudzi, ailipire monga katswiri osati kuipatsa kachasu, aike besi ya reggae pansi pa mitengo yake, timve chimene chituluke.

Kodi zidzatheka ulendo woyamba? Mwina ayi. Wail'n Soul'm inagwa, Nzeru inagwa, ndipo kakampani ka ku Chigwa nakonso kakhoza kugwa, wosunga ndalama atathawa nazo kapena anthu atayambana. Koma kakagwa kadzasiya buku lija, ndipo wobwera pambuyo adzayambira pa nambala imene anzake analekezera. Ine chimene ndikufuna n'chakuti tsiku lina, minibasi ikamatsetsereka phiri lija, dalaivala adzaike nyimbo, mlendo adzafunse kuti imeneyi n'njakuti, ndipo kondakitala adzayankhe asanaganize n'komwe kuti n'njakonkuno, anajambula pa Bangula. Bambo a taye aja ngati adzakhale ali moyo, ndidzawalipirira ndine ulendo umenewo.